Layini ya Bambo pa Seva Yachitatu

Pofika 2 koloko masana, pa seva yachitatu panali patatsala layini imodzi yokha, ndipo Wandevu anali atayamba kale kuilalatira.

"Ndani ameneyu wosamva kuti sitolo tatseka?" anatero akugogoda patebulo ndi sikuludiraiva. "Anzake onse asamuka kalekale. Iyeyu akudikira kuti timubereke kumsana?"

Mzime anaweramira pa kiyibodi ngati munthu wotanganidwa, chikhalirecho mwini wa layini imeneyo ankamudziwa bwino lomwe.

Ntchito ya kampani yawo inali yosavuta kuifotokoza, koma yolemera kuisenza. Nkhalamba zokhala zokha, odwala mtima, anthu amene anachitapo sitiroko, onsewa ankavala kabatani m'khosi. M'nyumba mwa aliyense munali kabokosi koyera, ndipo kabokosiko kankagwira layini yosaduka usana ndi usiku mpaka ku ofesi kuno, n'kumanena mphindi iliyonse kuti "ndilipo". Munthu akagwa n'kudina batani, dzina lake linkalira pa sikirini ya anesi, m'chipinda cha kutsidya kwa kolido, ndipo ambulansi inkanyamuka.

Malayini onsewo sakanakwana pa kompyuta imodzi, choncho panali makompyuta akuluakulu atatu otchedwa maseva, ndipo patsogolo pawo panali makina ogawa amene aliyense ankangowatchula kuti balansa. Balansa ndi mlonda wa pageti wopanda nzeru zakezake. Amachita zomwe wauzidwa basi. Kabokosi kakagogoda, amayang'ana seva yomwe ili ndi anthu ochepa n'kukalozera kumeneko, ndipo kakalowa, amaonetsetsa kuti chilichonse chomwe kanganene chizipita ku seva yomweyo mpaka layiniyo itaduka. Pakatha maola anayi ankadula dala layini iliyonse kuti kabokosi kagogodenso, katundu asalemere mbali imodzi. Ndipo kabokosi kakangokhala chete mphindi ziwiri, ankadula layini yake pomwepo, dzina la mwini wake n'kufiira kwa anesi, iwo n'kuimba foni kufunsa ngati kunyumbako kuli mtendere.

Seva yachitatu inali itadwala. Kwa sabata yathunthu inkalira ngati njinga yopanda girisi, ndipo m'chipinda cha makina munkamveka kafungo ka waya wopsa. Wandevu, mkulu wa mainjiniya, analamula kuti Lachiwiri lomwelo 7 koloko m'mawa aitseke khomo: amene analowa kale akhale mpaka maola awo anayi akwane, koma watsopano asalowe. Kenako iye anapita kukatenga chipangizo chatsopano kutsidya la tauni. Malayini anali 1,400, ndipo pofika 11 koloko onse anayenera kukhala atasamuka okha. Anasamukadi, kupatula imodziyo.

Mzime silinali dzina la pa chitupa chake. Mwezi wake woyamba pantchitopo, bambo ake anaimba foni ya pa ofesi n'kupempha mwaulemu wonse kuti alankhule ndi "mzime wanga uja wa makompyuta", ndipo kuyambira tsiku limenelo ngakhale bwana wamkulu ankamuitana choncho. Bambowo nawonso anali munthu wa malayini. Anapuma pantchito atakhala zaka makumi atatu pa bolodi ya mafoni akale aja, pomwe munthu ankalumikiza anthu awiri polowetsa chingwe m'bowo ndi dzanja. Amayi atamwalira, bambo anakanitsitsa kusamuka m'nyumba mwawo. Achimwene ake a Mzime, amene ankakhala kutali, anaumirira kuti madalawo asakhale okha. Mzime ndi amene anawatseka pakamwa, nati palibe choopa, chifukwa bambo aziyang'aniridwa ndi makina omwe iye mwini amawasamalira.

Tsiku lomwe bambo anavala batani, zaka ziwiri zapitazo, Mzime anaika kadontho kobiriwira pakona ya sikirini yake, koonetsa kuti layini yawo ili moyo. Masana omwewo kadonthoko kanazima. Kunali kudula kwa maola anayi kuja basi, ndipo sipanathe mphindi kanayakanso. Koma m'kamphindi kameneko Mzime anali atawaika kale bambo ake m'manda, atalira maliro, atayankha ndi mafunso a achimwene ake omwe. Analumbira kuti zimenezo sadzazionanso. Anatsegula malamulo a balansa n'kulembamo mizere iwiri. Woyamba unkati kabokosi ka bambo kazipita ku seva yachitatu basi, poti nthawi imeneyo ndiyo inali yatsopano ndi yamphamvu. Wachiwiri unkati layini ya kabokosi kameneko isamadulidwe, kaya patha maola angati, kaya kakhala chete motani. Pa ofesi sanauze munthu. Anthu a makompyuta ali ndi matenda amenewa: amalemba malamulo abwino a anthu onse, kenako n'kusiyira wachibale kakhomo kakumbuyo.

Bambo okha ndi amene anawauza, ndipo anakondwa ngati mwana.

"Ndiye wandipatsa layini yangayanga, ngati ya bwanamkubwa?"

"Eya, Bambo. Ndizikuonani nthawi zonse. Mukadzagwa musadzalimbane n'kudzuka, adokotala analetsa. Musadzavutikenso n'kukuwa. Mudzangodina batani, n'kudikira ine."

"Kudikira layini ndiye ndimakutha," anatero bambo akusisita kabataniko pachifuwa.

Ndiye chichokere 11 koloko, Mzime ankaona nambala ija itaima pa imodzi, ndipo ankadziwa chomwe chimafunika: kufufuta mizere yake iwiri mwakachetechete Wandevu asanabwere. Koma kutero kunatanthauza kudula layini ya bambo ndi dzanja lake, kadontho n'kuzima kwa kamphindi, ndipo mtima wake unkakana. Anati achita akamwa tiyi. Atamwa tiyi anati achita akayankha makalata. Wandevu anamupeza asanachite.

"Ndi ya bambo anga, achimwene," anaulula potsiriza, akuseka kaseko kamanyazi. Anafotokoza za mizere iwiri ija mwachidule, maso ali pa kiyibodi.

"Ohoo!" anatero Wandevu akuwomba m'manja. "Ndiye kuti m'nyumba muno muli ana obereka ndi ana opeza? Ife n'kumadzitama kuti balansa wathu alibe tsankho!" Anaseka mpaka ndevu kugwedezeka. Kenako kuseka kuja kunatha pang'onopang'ono, ndipo anaika sikuludiraiva pansi. "Mwati isamadulidwe ngakhale kabokosi kakhale chete?"

"Eya."

"Nanga kalankhula liti komaliza?"

Mzime analoza pakona ya sikirini. "Si ako, kali kobiriwira."

"Sindinafunse za kadontho, achemwali. Kadonthoko kamangonena kuti balansa ndi seva agwirana manja muno mu ofesi. Ndikufunsa za kabokosi ka kunyumba. Kanena liti komaliza kuti ndilipo?"

Zaka ziwiri zathunthu Mzime anali asanadzifunsepo funso limenelo. Anatsegula kaundula wa seva yachitatu, nafufuza nambala ya kabokosi ka bambo. Mizere ya "ndilipo" inatsika yambirimbiri, mphindi iliyonse umodzi: 7:19, 7:20, 7:21, 7:22. Pansi pake panalibe kanthu.

Anawerenga kawiri. Anayang'ana deti, poganiza kuti mwina watsegula tsamba lakale, koma deti linali la tsiku lomwelo. Anayang'ana wotchi ya pakhoma. Pafupifupi maola asanu ndi awiri kabokosi kali chete, dzina la bambo osafiira kwa anesi, chifukwa chomwe chimafiiritsa dzina ndi kuduka kwa layini, ndipo iye anali atalamula kuti layini imeneyo isaduke.

Anatola foni n'kuimbira bambo. Inaitana mpaka kuduka yokha. Anaimbanso.

"Mwina ndi magetsi chabe," anatero foni ili kukhutu. "Kapena waya wa kabokosi wazuka. Foni nayo amaiiwala m'thumba la jekete. Mwina apita kukameta."

"Amameta tsiku lanji?"

"Lachinayi."

Wandevu anakoka mpando n'kukhala pambali pake, natsegula kaundula wina, wa balansa, wolemba amene anagogoda n'kubwezedwa pakhomo. Tsiku labwinobwino tsamba limenelo limakhala lopanda kanthu. Tsikuli linali lodzaza, ndipo nambala inali imodzi yokhayokha kuyambira pamwamba mpaka pansi.

Nkhani yonse inali pomwepo. Layini yeniyeni inaduka kunyumba 7:22, mwina magetsi atangophethira. Kabokosi kanabwerera 7:24 n'kugogoda. Kakanakhala kabokosi ka munthu wina aliyense, balansa akanakalozera ku seva yoyamba kapena yachiwiri, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma aka kanali ndi lamulo lakelake, ndipo balansa, mwa kumvera kwake konse, anakatumiza ku seva yachitatu, yomwe inali itatseka khomo 7 koloko. Kanabwezedwa. Kabokosi kakabwezedwa kamadikira mphindi khumi n'kuyesanso, ndipo zinaonekadi choncho: 7:34, 7:44, 7:54, 8:04.

"Mwaona," anatero Mzime akudzilimbitsa mtima, "n'kabokosi kokha kakuyesa. Iwo sakudziwa n'komwe."

Wandevu anatsitsa tsambalo pang'ono, ndipo chala chake chinaima.

Pa 8:06 panali mizere itatu m'masekondi awiri. Patapita masekondi khumi, ina itatu. Kenako ina itatu. Mizere inathithikana choncho tsamba lonse.

"Makina sagogoda chonchi," anatero Wandevu motsitsa mawu. "Kabokosi kamagogoda pompopompo munthu akadina batani."

Mzime sanafunikire kuuzidwa. Katatu, n'kupuma, katatu. Umu ndi momwe bambo ankagogodera pachitseko chake m'mawa uliwonse pomudzutsa kuti apite kusukulu, ndipo ankati ndi momwe ankalizira foni ya munthu wofunika pa bolodi paja. Zomwe ankaona pa sikirini sizinalinso manambala ayi. Chinali chala cha bambo ake.

Mpaka 9 koloko mizere inali yothinana. Kenako inayamba kutalikirana: mphindi zisanu, mphindi khumi ndi zisanu, theka la ola. Panali itatu ya 11:15, nthawi yomwe iye ankamwa tiyi akuyang'ana kadontho kobiriwira. Itatu yomaliza inali ya 12:51. Kuchokera pamenepo panangotsala kugogoda kwa makina kwa mphindi khumi khumi kuja, kopanda munthu.

"Fufutani mizere yanu ija, msanga," anatero Wandevu. "Ine ndikukaliza galimoto."

Pasiwedi yomwe Mzime ankailemba kakhumi patsiku anaiphonya kawiri. Ulendo wachitatu analemba ndi chala chimodzi, chilembo chimodzichimodzi, naipeza mizere ija, naifufuta, nadula layini yabodzayo. Kadontho kanazima. Sanakayang'anenso, anathamanga kudutsa kolido, nakankha chitseko cha anesi osagogoda.

Mkulu wa m'chipindamo anali mayi wamkulu thupi amene anagwira ntchito m'mawodi zaka zambiri, ndipo onse ankangowatchula kuti Anesi. Anali ndi mahedifoni kumutu ndi kapu ya madzi m'manja.

"Anesi, tumizani ambulansi kwa bambo anga. Agwa 8 koloko m'mawa."

"Koma tsiku lonseli pa sikirini panga akhala ali bwinobwino, mwanawe."

"Sikirini imanama. Ndinainamiza ndine."

Anesi anamuyang'ana kumaso kamodzi kokha, naika kapu pansi. Sanafunse funso lina. Mzime akutuluka, anawamva akutchula adiresi ya bambo kwa dalaivala, ndi mawu awo aja osatekeseka omwe tsiku limenelo anamuopsa kuposa kukuwa.

Galimoto ya Wandevu inali yakale, yonunkha mafuta, ndipo pampando panali bokosi la chipangizo chatsopano chija, lomwe Mzime analiponya kumbuyo osaliyang'ana. Anaimbira aneba a bambo. Anayankha ali kuntchito, mkati mwa phokoso la makina, nati akazi awo atuluka masana kupita ndi mwana kuchipatala, pakhomo palibe munthu. Anatsitsa mayina a m'foni mpaka pa achimwene ake. Chala chinaima pamwamba pa dzinalo. Akanati chiyani? Kuti bambo agona pansi maola asanu ndi limodzi chifukwa chakuti iye ankawakonda kuposa makasitomala ena? Anaitembenuza foniyo n'kuiika pantchafu.

"Munthu akhoza kutopa kudina," anatero Wandevu maso ali pamsewu. "Chala chimatopa. Mwinanso agona tulo."

"Musandinyengerere, achimwene."

"Sindikukunyengererani. Ndikudzinyengerera ndekha."

Pa 2:24 foni inalira. Anali Anesi.

"Kabokosi kalowa, kali pa seva yoyamba. Mzime, ma alamu onse omwe kanasunga akutsika nthawi imodzi. Akwana 147." Anapuma pang'ono. "Ndatsegula sipika ya m'nyumbamo. Ndaitana kawiri, sakuyankha. Ndikulumikize umve wekha?"

"Ndilumikizeni."

Munamveka kaphokoso, kenako mpweya wa m'nyumba yomwe anakuliramo. Kabokosi kanali kuchipinda, pambali pa bedi. Mzime anamva wotchi ya amayi ikugunda pakhoma. Chapatali anamva china, chosalekeza, ndipo panatenga kanthawi kuti achizindikire. Anali madzi akutuluka pampopi.

"Bambo! Ndine Mzime! Bambo, mukundimva?"

Wotchi inapitiriza kugunda, ndipo madzi anapitiriza kutuluka.

Mzime anaitana mpaka mawu kusasa. Bambo ake anali munthu wotseka mpopi ngakhale wa kunyumba kwa eni, wokalipira mwana chifukwa cha dontho limodzi. Kuti madzi atuluke choncho iwo ali m'nyumba, Mzime sanafune kuganiza tanthauzo lake, koma maganizowo sanapemphe chilolezo. Anayamba kupemphera, pemphero lopanda mutu, lobwereza mawu awiri okha.

Pafupi ndi sitolo ya zitsulo, lole inali itapingasa mumsewu, ikubwerera chambuyo kulowa pageti lopapatiza, anthu atatu akuilozera mbali zitatu zosiyana. Wandevu, munthu amene pamoyo wake wonse anali asanaimikepo galimoto pamalo oletsedwa, anakwera m'mbali mwa msewu, nadutsa pakati pa mulu wa njerwa ndi ngalande, galasi la kumanzere n'kutsala pamtengo wa magetsi. Sanacheuke n'komwe.

Anafika ambulansi isanafike. Geti linali lokhoma ndi loko monga mwa masiku onse, makatani a pabalaza atatsegulidwa, nyuzipepala ili pansi pomwe woperekayo anaiponya. Mzime anatsegula ndi kiyi wake. M'khitchini kawotchi ka pa chitofu kankaphethira, kusonyeza kuti magetsi anathimadi m'mawa. Patebulo panali kapu yoyera ndi supuni, zikudikira tiyi yemwe sanathiridwe. M'kolido nsapato zake zinaponda madzi.

Chitseko cha kubafa chinali chotseka. Anachikankha, ndipo chinatseguka pang'ono pokha n'kugunda chinthu chofewa. Pampatawo anaona phazi lopanda silipasi, lotuwa, lili phee m'madzi.

Mzime anatsamira chitsekocho ndi phewa.

"Usakankhe, Mzime," anatero mawu ofooka mkatimo. "Ndi mwendo wanga umenewo."

Momwe analowera pampata umenewo, iye mwini sanadziwe. Bambo anali chagada pakati pa sinki ndi chimbudzi, atavala kabudula ndi vesiti, mwendo wakumanja utapindikira kunja mosakhala bwino. Thaulo linali litagwera mu sinki n'kutseka potulukira madzi, ndipo madziwo ankasefukira pa matailosi. Tsaya limodzi linali lometedwa, linalo lili ndi thovu la sopo louma. Milomo inali yakuda ndi kuzizira, thupi lonse likunjenjemera. Dzanja lamanja linali pachifuwa, litafumbata kabatani.

Mzime anatseka mpopi, navula juzi lake n'kuwafunditsa. Wandevu anapereka bulangeti la kuchipinda kudzera pampata paja, nathamangira kugeti kukadikira ambulansi. Mzime anagwada m'madzimo n'kuika mutu wa bambo pamiyendo pake. Unali wozizira, wopepuka kuposa momwe ankaganizira.

"Wabwera," anatero bambo. "Ndinadziwa. Nditangoterereka ndinachita zomwe unanena. Sindinayese kudzuka ngakhale kamodzi."

"Mwachita bwino, Bambo." Misozi inkagwera pachipumi pawo ndipo ankaipukuta ndi chikhatho. "Koma bwanji simunakuwe? Zenera si ili, lotsegula?"

"Si unanena ndiwe kuti ndisakuwe?" Anapuma movutikira. "Akazi a aneba amayanika zovala kuseli kwa mpandaku cha m'ma 9 koloko, ndimawamva akuimba. Wowerenga mita nayenso anagogoda pageti. Ndinati ndikaitana anthu, mawa azinena kuti makina a mwana wanga sagwira ntchito."

Panali funso lina lomwe linamuzunza Mzime njira yonse, ndipo ngakhale ankaopa yankho lake, analifunsa.

"Nanga munasiyiranji kudina? Chala chinatopa?"

"Ayi, chala chili bwino." Bambo anayesa kumwetulira ndi tsaya lometedwa lija. "Ndinaganiza kuti uli ndi anthu ambiri pa bolodi lero. Wa pa bolodi akaona nyali yako ikuyaka, wakuona basi, amabwera ikakwana nthawi yako. Kupitiriza kuliza n'kumusokoneza. Ndinati mwana asandione ngati nkhalamba yovuta."

Panja panamveka kulira kwa ambulansi, kenako mawu a Wandevu akuwalozera njira. Amuna awiri anachotsa chitseko pa mahinji ake kuti machira alowe. Wamkulu mwa iwo anagwada, nagwira pamkono pa bambo, nayang'ana mwendo uja, n'kuuza mnzake motsitsa kuti fupa la m'chiuno lathyoka ndipo thupi lazizira kwambiri, achite changu. Anafunsa kuti agona pamenepo nthawi yaitali bwanji. Mzime atayankha, mwamunayo anayang'ana kabatani kali m'dzanja la bambo, nayang'ana Mzime.

Powanyamula bambo anabuula kamodzi kokha, kenako n'kupepesa. Ali pamachira m'kolido, madzi akudontha kuchokera m'bulangeti, Mzime anawerama pafupi ndi khutu lawo.

"Bambo, mukadzagwanso mudzakuwe. Mudzakuwe mpaka msewu wonse umve."

Bambo anamuyang'ana modabwa. "Nanga layini yanga ija?"

Akanatha kunama. Akanati magetsi, akanati makina, akanati tikambirana mukachira, ndipo Wandevu amene anaima pakhomo sakanamutsutsa. Koma bodza la kadontho kobiriwira linali litamukwana.

"Ndaichotsa, Bambo. Ndi imene inakutsekerani panja. Mumagogoda pakhomo lotseka, ndipo amene anakulozerani pakhomo limenelo ndine."

Bambo anasinkhasinkha monga munthu wodziwa malayini. Amuna aja anayamba kuyenda, ndipo Mzime ankayenda m'mbali mwa machira.

"Ndiye kuti nyali yanga simayaka kwa iwe?"

"Simayaka, Bambo."

"Tsiku lonseli sumandiona?"

"Sindimakuonani."

Munthu uyu anali atagona m'madzi ozizira maola asanu ndi limodzi, fupa litathyoka, ndipo Mzime anamupeza wodekha ngati wodikira basi. Koma apa, ali m'manja mwa anthu, atafunda bulangeti, ambulansi ili pageti, ndi pomwe Mzime anaona mantha akulowa pankhope ya bambo ake. Maso anatong'oka, chibwano chinayamba kugwedezeka, ndipo anacheukira kubafa kuja ngati akuliona koyamba.

Dzanja lija linatseguka, kabatani n'kugwera pambali, kakulendewera pa chingwe chake. Bambo anagwira mkono wa bulauzi ya Mzime, ndipo sanausiye mpaka kuchipatala.